Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Bungwe Lathu: Bwerani Mudzakhale pa Desiki Yathu Ola Limodzi

Kwa a Mkulu wa Bungwe, a Mkulu wa Nthambi ya IT, a Mkulu Woona za Antchito, ndi nonse a mu Bodi,

Mabwana ndi madona olemekezeka, landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kuti mukupeza bwino kulikulu ku Blantyre. Ife kuno tilipo ndipo ntchito tikugwira, koma maso athu sali bwino. Ine ndine woyang'anira makalaliki 14 amene amalowetsa m'kompyuta mbiri ndi ndalama za makasitomala pa nthambi yathu ya ku Lilongwe. Dzina la bungwe sinditchula, pakuti sindinadzuke kuti ndinyozetse nyumba imene imandidyetsa ine ndi ana anga. Kalatayi ndaiika poyera chifukwa makomo a m'kati tagogoda onse. M'miyezi 10 yapitayi talemba madandaulo 7 ku IT okhudza kusaoneka bwino kwa masikirini a makompyuta athu, ndipo onse 7 anatsekedwa ndi yankho limodzi, loti palibe vuto lapezeka. Ndikudziwanso kuti m'mabanki, m'zipatala, m'masukulu ndi m'maofesi ena muli anzathu amene amakhala tsiku lonse kutsogolo kwa masikirini onga athuwa, akupukuta misozi, osadziwa chimene chikuwapweteka. Iwonso awerenge. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chimene chandidzutsa ndi kalata yanu ya mwezi watha, yonena kuti kalaliki amene walakwitsa kasanu pa mwezi sadzalandira bonasi, ndipo akabwereza mwezi wotsatira adzalandira kalata ya chenjezo. Kulakwitsa pa ndalama za anthu si nkhani yocheza nayo, ndipo ine ndimadzudzula ndekha kalaliki wosasamala. Koma musanalange munthu chifukwa chowerenga 3 pamene panali 8, ndikupempha kuti muyambe mwaona ndi maso anu mmene 8 ameneyo amaonekera pa sikirini yake.

Chaka chatha munachotsa makompyuta athu akale n'kuika ma thin client, timabokosi tongoonetsa zimene zili pa kompyuta yaikulu ya kulikulu. Ine ndinali mmodzi mwa amene anaombera m'manja, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo. Kabokosi kake n'kakang'ono ngati buku la nyimbo za kutchalitchi, kamamangidwa kuseri kwa monita, kamadya magetsi pang'ono moti magetsi akazima mabatire amatifikitsa madzulo. Wakuba akakanyamula sapeza mbiri ya kasitomala ngakhale mmodzi, chifukwa m'kati mwake simusungidwa kanthu. Mavairasi obwera ndi ma flash anatheratu. Choncho sindikupempha kuti mutichotsere timabokositi.

Koma tiyenera kumvetsa mmene timagwirira ntchito, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Pulogalamu imene timalembamo ili pa seva, kompyuta yaikulu ija, ku Blantyre. Chimene chimafika kuno ndi chithunzi chabe cha pulogalamuyo. Seva imajambula chithunzicho, imachifinya kuti chipepuke, chimayenda pa netiweki ulendo wonse wa Blantyre mpaka Lilongwe, kabokosi kamachimasula, chimadutsa m'chingwe, n'kukatulukira pa galasi la monita. Pamalo ponsepa chithunzi chikhoza kuwonongeka. Tsono tikadandaula, anyamata a IT amalowa pa kompyuta yanga ali ku Blantyre komweko, n'kuona zilembo zili nyalanyala, zowongoka bwino. Sanama ayi. Iwo akuona chithunzicho chisananyamuke, ife tikuchiona chitafika. Zili ngati munthu wolongedza tomato wabwino m'dengu ku Ntcheu amene akukana kuti tomatoyo wafika mumsika ataphwanyika, chifukwa pamene ankamukweza pa lole anali wamphumphu. Ngakhale kujambula sikirini ndi batani la pa kiyibodi sikuthandiza, chifukwa chojambulidwacho chimachokera ku seva. Vuto lathu limaoneka ndi diso lokha la munthu wokhala pampando.

Dandaulo loyamba, ndipo ndilo lalikulu, ndi zilembo.

Mamonita 11 mwa amene tili nawo ali ndi timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, timene a IT amati mapikiselo. Timadonthoti n'tokhazikika, sitisuntha, sitikula. Monita yotere imaonetsa bwino pokhapokha italandira chithunzi cha muyeso womwewo, dontho pa dontho. Ndinakanikiza batani la pansi pa monita yanga kuti ndione zimene ikulandira, ndipo yokha inalemba kuti ikulandira 1366 x 768 pomwe imafuna 1920 x 1080. Ndinayenda madesiki onse ndi kope, ndipo 11 onsewo anali chimodzimodzi. Ndiye kuti chithunzi cha timadontho pafupifupi 1 miliyoni chikukokedwa kuti chidzaze malo a timadontho topitirira 2 miliyoni. Mzere wopyapyala wa chilembo, umene unayenera kukhala pa dontho limodzi, umagwera pakati pa awiri, ndipo monita imaupaka mbali zonse. Zotsatira zake n'zakuti zilembo zimaoneka ngati zolembedwa ndi inki pa pepala lonyowa.

Pamwamba pa izo pali zingwe. Kuseri kwa kabokosi kuli bowo la DisplayPort, kuseri kwa monita kuli la HDMI, onse awiri a digito. Koma pogula timabokosi sipanagulidwe zingwe, ndiye oika makina anatenga zingwe zakale za VGA, za mitu ya buluu zija, n'kuzilumikiza ndi tizipangizo tosinthira. VGA inayamba mu 1987 ndipo inapangidwira mamonita akale aja a chimimba. Chithunzi chimachoka mu digito, chimasanduka mafunde a magetsi m'chingwe, kenako monita imayesa kuganizira pamene dontho lililonse linayenera kukhala. Ikaphonya pang'ono, chilembo chilichonse chimakhala ndi mthunzi kudzanja lamanja, ndipo mizere ina imanjenjemera. Batani lolembedwa Auto limakonza kwa kanthawi, koma chingwe chikagwedezeka zimabwerera. Tizipangizo tosinthira tina timatsekerezanso uthenga umene monita imatumiza ku kabokosi wonena muyeso wake, umene amautcha EDID, ndipo kabokosi kakapanda kuumva kamangosankha muyeso waung'ono.

Chachitatu pa zilembo zomwezi ndi kufinya kwa chithunzi. Mnyamata wa IT amene anabwera kudzaika pulinta mu June, munthu waulemu kwambiri, anakhala nane mphindi 20 ndipo anavomera kuti akuona zimene ndikuona. Anandifotokozera kuti njira ya H.264 imene imafinya chithunzi inapangidwira makanema, ndipo mwachizolowezi imasunga kuwala kwa dontho lililonse koma mtundu imasunga umodzi pa timadontho 4. Pa filimu palibe angazindikire. Pa manambala ang'onoang'ono ofiira, amene pulogalamu yathu imaonetsera ngongole zotsalira, kufiirako kumatayikira kunja kwa nambala ngati magazi pa bandeji. Microsoft inazindikira zimenezi ndipo kuyambira pa Windows 10 ndi Windows Server 2016 inaika njira yotchedwa AVC 444, yosunga mtundu wonse, imene oyang'anira seva angathe kuitsegula. Palinso chosankha chosalaza zilembo, font smoothing, chimene chimatheka pa Remote Desktop, pulogalamu yotilumikiza ku seva, kuyambira nthawi ya Windows Vista. Kwa ife chinazimitsidwa pofuna kupepuza netiweki. Mnyamatayo anati iye alibe chilolezo chosintha zimenezi. Musamufunefune kuti mumudzudzule. Mwa anthu onse a IT, ndi yekhayo amene anakhala pampando wathu.

Mwina mukuona ngati ndi nkhani ya kukongola kwa zilembo basi. Ndikuuzeni mmene timagwirira ntchito. Fomu ya kasitomala imajambulidwa pa sikana, imaoneka kumanzere kwa sikirini, ndipo kalaliki amakopera kudzanja lamanja. Nambala ya chiphaso cha unzika ili ndi zilembo ndi manambala 8 osakanikirana. Pa sikirini yathu B ndi 8 ndi mapasa, S ndi 5 chimodzimodzi, 0 ndi D sudziwa uyu ndi uti. Kankhodolero kakang'ono ka pamwamba kamene kamasiyanitsa m'bale ndi mbale, kapena ng'oma ndi ngoma, kamasungunuka n'kutsala kachidontho kotuwa, moti maina a anthu ndi a midzi amalowa molakwika ndipo tsiku lina kasitomala akadzabwera samapezeka. Pulogalamu yathu imagwiritsa ntchito zilembo za Arial, mmene I wamkulu ndi l wamng'ono ali mzere umodzi womwewo. Zilembo za Verdana, zimene Matthew Carter anakonzera sikirini ndipo zinatuluka mu 1996, zimasiyanitsa awiriwa. Za Consolas zili ndi 0 wodulidwa pakati kuti asafanane ndi O. Zonsezi zili kale mu Windows, sizigulidwa.

Mu August kunabwera mayi wina wogulitsa tomato wochokera ku Mitundu. Anali atabweza K86,000 pa ngongole yake, koma mu akaunti munalowa K36,000, ndipo analandira uthenga pafoni woti ali ndi ngongole yotsalira. Anasiya malonda, anakwera minibasi, anafika mwana ali kumbuyo, lisiti atalikulunga m'kapulasitiki ka shuga. Sanakalipe. Anangoliyala pa kauntala n'kunena kuti, "Bambo, ine sindinabe." Tsiku limenelo netiweki inali yovuta, sitinathe kukonza, ndipo anachita kubweranso mawa lake, minibasi kawiri, malonda masiku awiri. Nditatsegula fomu yake pa sikirini ya kalaliki amene analakwitsayo, ndinaitana anthu atatu kuti awerenge nambalayo mmodzimmodzi. Awiri anati 3. Pa pepala lenilenilo, 8 anali woonekeratu. Kalalikiyo ndi mayi wa zaka 47 amene wagwira ntchito pano zaka 12, ndipo pa kompyuta yakale ankatha miyezi osalakwitsa. Mwa lamulo lanu latsopanoli, kulakwitsa kumeneko kwalembedwa pa dzina lake.

Dandaulo lachiwiri ndi kuphethira kwa sikirini. Pano ndifotokoze mofatsa, chifukwa zophethira zilipo za mitundu yosiyana, ndipo mukazisokoneza mudzataya ndalama pa mankhwala olakwika.

Mamonita awiri a kauntala ya kumbuyo atafa mu March, m'malo mwake munabwera awiri a chimimba ochokera m'sitolo ya katundu wakale, ndi lonjezo loti ndi a sabata ziwiri zokha. Adakalipo. Mtundu umenewu ndimaudziwa bwino, chifukwa ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito zaka zinayi mu intaneti kafe ku Limbe, kuyambira 2004. Monita ya chimimba imajambula chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, ndipo mzere uliwonse umayamba kuzilala ukangojambulidwa. Refresh rate ndi chiwerengero cha maulendo amene imabwereza kujambulako pa sekondi imodzi, ndipo amayeza mu Hz. Pa 60 Hz diso limaona kuzilalako, makamaka tsamba likakhala loyera. Mukafuna kutsimikiza, imani pambali pa monitayo, yang'anani khoma, muilole ikhale kumchira kwa diso: mudzaiona ikugunda ngati mtima wa nkhuku. Ku kafe kuja, ntchito yanga yoyamba pa kompyuta iliyonse yatsopano inali kukweza nambalayi kufika 85, ndipo makasitomala odandaula mutu ankachepa. Si nzeru yanga. Bungwe la antchito a m'maofesi la ku Sweden lotchedwa TCO linayamba kuika chizindikiro chake pa mamonita mu 1992, ndipo muyezo wake wa TCO'99 unkafuna 85 Hz pa mamonita a chimimba. Imodzi mwa ziwiri zathuzi ili ndi chizindikiro chimenecho pakona, kutanthauza kuti ingathe. Koma kabokosi kanakhomedwa pa 60, ndipo ife tilibe kiyi.

Mamonita opyapyala nkhani yake ndi ina. Iwo chithunzi sichizilala pakati pa kujambula, choncho 60 Hz pa iwo siphethira, ndipo kugula a 144 Hz a anyamata osewera magemu sikungathetse vuto lathu. Chophethira mwa iwo ndi nyali ya kuseri kwa galasi. Mamonita ambiri otsika mtengo, ukachepetsa kuwala, sachepetsa mphamvu ya nyaliyo koma amaiyatsa ndi kuizimitsa maulendo mazana angapo pa sekondi, njira imene amaitcha PWM. Ukachepetsa kwambiri, nthawi ya mdima imatalika ndipo kuphethirako kumakula. Apa ndi pamene pamandimvetsa chisoni: kalaliki maso akamuwawa amathamangira kuchepetsa kuwala, poganiza kuti akudzithandiza, pomwe akuwonjezera chomupweteka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsegulani tsamba loyera, gwedezani bolopeni mofulumira kutsogolo kwa sikirini. Ngati mukuona mthunzi umodzi wosalala ngati fani, nyali ili bwino. Ngati mukuona mabolopeni asanu kapena asanu ndi limodzi oima paokhapaokha, nyali ikuphethira. Kamera ya foni nayonso imaonetsa mizere yakuda ikuyenda. Pa mamonita athu 11, asanu ndi awiri anaonetsa mabolopeni ambiri. Anthu ena sizimawavuta konse, ndipo ine ndili m'gulu limenelo. Koma mtsikana wina pa desiki yachitatu amadwala mutu waching'alang'ala, ndipo mwezi uno wapita kunyumba masana kawiri atadziphimba kumaso ndi chitenje.

Kudenga nakonso kuli machubu akale a fulorosenti. Magetsi a dziko lino ndi a 50 Hz, ndipo chubu chokhala ndi choki yakale, kachipangizo kowongolera magetsi ake, chimaphethira ka 100 pa sekondi. Chikayamba kukalamba chimaphethira moonekeratu, ndipo pa jenereta zimanyanya. Machubu atatu ali choncho, ndipo kuwala kwake kumagwera pa magalasi a mamonita. Onjezerani pamenepo tizipangizo tosinthira tija, timene tikatentha sikirini imachita bii kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubwerera, munthu ali pakati pa nambala.

Dandaulo lachitatu ndi lalifupi. Munatigulira monita yaikulu ya 4K, ya timadontho tochuluka kwambiri, ya pa desiki yoyanjanitsira maakaunti, ndipo tinathokoza. Koma inalumikizidwa kudzera pa HDMI 1.4, imene pa muyeso wa 4K imangokwanitsa 30 Hz. Kamuvi ka mausi kamayenda modumphadumpha ndipo diso limatopa kukasaka. DisplayPort 1.2 kapena HDMI 2.0 imakwanitsa 60. Chinthu chodula kwambiri mu ofesi muno chikulephera chifukwa cha kulumikiza kokha. Palinso malire ena osiyana ndi a monita: Remote Desktop mwachizolowezi imatumiza zithunzi zosapitirira 30 pa sekondi, ndipo Microsoft inalemba yokha mmene malirewo angakwezedwere kufika 60. Pa ntchito yolemba 30 si yoipa netiweki ikakhala bwino. Koma kumapeto kwa mwezi, nthambi zonse zikapanikiza seva, ukatsitsa mndandanda wa maina umayamba waoneka chimbuuzi, kenako n'kumayera pang'onopang'ono. Diso limayesa kugwira chilembo chisanakhazikike, kambirimbiri pa tsiku, ndipo pofika 3 koloko masana limakana.

Dandaulo lachinayi ndi loti tinamangidwa manja. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kuvutika kuona zapafupi. Ndi chilengedwe, palibe wolakwa. Pa makalaliki 14, asanu ndi mmodzi adutsa msinkhu umenewo. Pa kompyuta yakale aliyense ankakuza zilembo kufika 125 kapena 150 peresenti monga mwa maso ake. Lero ukayesa, Windows imayankha kuti zimenezi sizisinthidwa uli pa kompyuta yakutali, ndipo pa kabokosi pomwe pamafunika pasiwedi imene ili ku Blantyre. Ndiye anthu amasendera mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, khosi litapindika, mapewa atakwera. Mayi kalaliki wa zaka 47 ndinatchula uja anagula magalasi a pamsika, osayezetsa, ndipo m'dirowa yake simusowa Panado. Madzulo akamatuluka maso amakhala ali psuu ngati munthu wochokera kumaliro.

Ndinene chilungamo pano, kuti wina asati ndikuopseza. Ine ndinapita kukayezetsa maso, ndipo dokotala anandiuza kuti sikirini sichititsa khungu. Chimene imachita ndi kutopetsa ndi kuumitsa maso, chifukwa munthu amene amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi amatsika kufika theka la pamenepo kapena kucheperapo akamayang'anitsitsa sikirini, ndipo zilembo zikakhala zosaoneka bwino amayang'anitsitsa koposa. Anandilangiza kuti mphindi 20 zilizonse ndiziyang'ana chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Malangizowa ndinawamata pakhoma. Koma ululu wa tsiku ndi tsiku ndi ululu ndithu ngakhale usakhale khungu, ndipo kalaliki amene akuwerengedwa mafomu pa ola amaopa ngakhale kudzutsa mutu.

Dziko lino linakhazikitsa lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito mu 1997, ndipo limaika udindo umenewu pa wolemba ntchito. Ambiri tikamva lamuloli timaganiza za zipewa zolimba ndi nsapato za m'fakitale, koma chida chogwirira ntchito cha kalaliki ndi sikirini. Maiko ena anachita kulemba mwatchutchutchu. Lamulo la maiko a ku Ulaya la mu 1990, nambala 90/270/EEC, limati zilembo za pa sikirini zikhale zooneka bwino ndi zazikulu mokwanira, ndipo chithunzi chikhale chokhazikika, chosaphethira. Ku Britain malamulo a mu 1992 amalamula wolemba ntchito kulipira kuyezetsa maso kwa wantchito wa pa sikirini akapempha. Sindikunena kuti malamulo a eni akewo amatimanga ife. Ndikungosonyeza kuti zimene tikudandaulazi zinadziwika zaka zoposa 30 zapitazo, ndipo si kulira kwa anthu aulesi.

Tsono, mabwana ndi madona, zopempha zathu ndi izi.

1. Muimitse kaye lamulo la bonasi ndi makalata a chenjezo pa zolakwika zokopera, kufikira masikirini atakonzedwa. Zolakwika zimene zalembedwa kale pa maina a anthu kuyambira pamene timabokosi tinabwera ziunikidwenso, fomu iliyonse ikuonedwa pa sikirini yomwe inagwiritsidwa ntchito.

2. Mutumize munthu wa IT wokhala ndi chilolezo chonse kuti adzakhale nafe masiku awiri, limodzi likhale la kumapeto kwa mwezi. Ndipo kuyambira lero, dandaulo la kaonekedwe ka sikirini lisatsekedwe ndi munthu amene waliona ali kutali. Ngati ulendo suli wotheka, alandire chithunzi chojambula ndi foni, pakuti foni imaona zimene diso lathu likuona.

3. Kabokosi kalikonse kaikidwe pa muyeso weniweni wa monita yake. Ichi chiyambe, chifukwa kusalaza zilembo pa muyeso wolakwika kumangowonjezera chimbuuzi. Zikatero mutsegule font smoothing ndi AVC 444, muyese pa madesiki atatu kwa sabata imodzi, muone kulemera kwake pa netiweki. Remote Desktop imatumiza mbali yokha ya chithunzi imene yasintha, ndiye pa ntchito yolemba ngati yathuyi ndikukhulupirira kuti kulemerako mudzakupeza kopiririka. Ngati netiweki ilephera, mutiuze manambala ake, tikambirane pamodzi.

4. Mugule zingwe za digito 12, muchotse VGA ndi tizipangizo tosinthira tonse.

5. Mamonita awiri a chimimba achoke mwezi uno. Podikira, akwezedwe kufika 85 Hz, ntchito ya mphindi zisanu.

6. Pogula mamonita m'tsogolo muno, mulembe m'zofunika kuti akhale osaphethira nyali. Opanga amalemba okha pa bokosi kuti flicker-free, ndipo mabungwe oyesa zipangizo monga TÜV Rheinland amapereka chizindikiro chake. Asanu ndi awiri amene tili nawowa asinthidwe pang'onopang'ono monga mwa thumba, kuyambira pa desiki yachitatu. Machubu atatu a kudenga asinthidwenso.

7. Kalaliki aliyense aloledwe kukuza zilembo pa desiki yake, ndipo amene amasamala pulogalamu yathu asinthe zilembo za m'mabokosi a manambala a chiphaso ndi a ndalama, aike zosiyanitsa 0 ndi O, 1 ndi l. Manambala ofiira akhale okulirapo ndi okhuthala.

8. Bungwe lilipire kuyezetsa maso kamodzi pachaka kwa onse ogwira ntchito pa sikirini tsiku lonse, ndipo mphindi zopumitsa maso zisawerengedwe ngati kuzemba ntchito.

Mwa zisanu ndi zitatuzi, zinayi sizifuna tambala, zimangofuna munthu wokhala ndi pasiwedi ndi chilolezo chanu. Zingwe 12 mtengo wake sufika pa kabokosi kamodzi. Zimene nthambi zina zikukumana nazo sindingazilankhulire, koma timabokosi ndi zingwe zinagulidwa tsiku limodzi, ndiye ndikupempha kuti mufunsenso oyang'anira anzanga a ku Mzuzu ndi ku Zomba, ndipo muwafunse mowapatsa mtima kuti ayankhe osaopa.

Makalaliki onse 14 awerenga kalatayi ndisanaitumize, ndipo avomereza mawu ake. Ena anaopa kuti ikhoza kundibweretsera mavuto. Ndawauza kuti ndimakudziwani ngati anthu omva, ndipo kuti chimene chatilekanitsa ndi mtunda wa pakati pa seva ndi desiki basi. N'chifukwa chake ndikukuitanani inuyo a Mkulu wa Bungwe, kapena aliyense wa mu Bodi amene angadutse ku Lilongwe. Bwerani Lachisanu lomaliza la mwezi uno, 3 koloko masana. Ndidzakupatsani desiki yachisanu ndi chimodzi, ya pafupi ndi zenera, ndi mafomu 20 ojambulidwa pa sikana, pamodzi ndi ya mayi wa ku Mitundu ija. Mudzakopere ola limodzi, kenako tidzayerekeze ndi mapepala enieni.

Ndine wanu pantchito, mwaulemu wonse,

Woyang'anira makalaliki,
Nthambi ya Lilongwe